Kusaka mule deer pa malo a boma ku America: kuyambira pa mapepala mpaka nyama itafika pakhomo

Okutobala akangolowa, mafoni amayamba: "Achimwene, tamva kuti mumapita kuphiri kokasaka. Sabata yamawa tili pa tchuthi, tigule chiyani kuti titsagane nanu?" Ena ali kuno ku Colorado, ena ku Texas, ena ku Indiana. Onse ndimawayankha mofanana, kuti mwachedwa ndi theka la chaka. Ulendo wa mu Okutobala kapena Novembala umakonzedwa pakati pa Januwale ndi Epulo, munthu ali pa tebulo ndi mapu. Ndaganiza zolemba zonse pamodzi kuti wofunsa aziwerenga yekha.

Mule deer ndi gwape wamkulu wa kumadzulo kwa America, wa makutu aataliatali, matako oyera ndi kamchira kopyapyala kakuda kunsonga. Nyanga za wamphongo zimachita mphanda, mphanda iliyonse n'kugawikanso pawiri, ndipo zimathothoka chaka ndi chaka. Akadzidzimuka amadumpha ndi miyendo inayi yonse pakamodzi. Musamusokoneze ndi whitetail, wa mchira wotambalala umene amauimika pothawa, chifukwa ziphaso zina zimalola mtundu umodzi wokha.

1. Dziwani mwini malo, dziwaninso mwini nyama

Awa ndi anthu awiri osiyana. Malo ambiri amene timasakako ali m'manja mwa boma lalikulu la America: Bureau of Land Management, imene aliyense amangoti BLM, imayang'anira maekala pafupifupi 245 miliyoni, ndipo U.S. Forest Service ili ndi maekala 193 miliyoni. Pa malo amenewa munthu aliyense akhoza kuyenda ndi kumanga tenti osapempha kwa wina, nthawi zambiri mpaka masiku 14 pa malo amodzi. Koma nyama zoyenda pamenepo zimayang'aniridwa ndi chigawo (state), monga Colorado kapena Wyoming. Chilolezo chopha gwape mukachipeza ku Colorado Parks and Wildlife, Wyoming Game and Fish Department, Idaho Fish and Game, kapena nthambi yotere ya chigawo chimene mwasankha.

Chilolezocho amachitcha tag. Si chilolezo chosaka paliponse ayi. Chimatchula yuniti, ndiye kuti kadera kokhala ndi nambala ndi malire ake, chimatchula masiku, chida (uta, mfuti ya gogodela kapena mfuti wamba), ndiponso ngati mukuloledwa wamphongo kapena wamkazi. Kupha gwape kutsidya kwa mtsinje umene uli malire a yuniti yanu ndi mlandu, ngakhale malowo akhale a boma omwewo.

Musapusitsidwe ndi mawu oti malo a boma. M'mapaki akuluakulu ngati Rocky Mountain ndi Yellowstone mule deer sasakidwa. Malo a chigawo, amene pa mapu ambiri amaoneka abuluu, ali ndi malamulo awoawo: ku Colorado ambiri ndi otseka pokhapokha ngati ali pa ndandanda ya malo otsegulidwira alenje, pamene ku Wyoming mukhoza kusakapo koma osagonapo.

2. Longosolani mapepala anu

Choyamba ndi satifiketi ya maphunziro a ulenje, hunter education. Ku Colorado imafunika kwa aliyense wobadwa kuyambira pa 1 Januwale 1949, ku Wyoming kuyambira 1966, ku Idaho kuyambira 1975. Mbali yaikulu mumaphunzira pa intaneti, ndipo satifiketi ya chigawo chimodzi imalandiridwa ku zigawo zina. Chitani zimenezi mu Januwale, chifukwa malo m'makalasi amadzaza tsiku lotseka mayere opezera tag likayandikira.

Chachiwiri chikukhudza ife obwera. Lamulo la boma lalikulu limaletsa munthu amene analowa m'dziko pa visa ya kanthawi, monga ya sukulu kapena ya ntchito, kukhala ndi mfuti kapena zipolopolo. Mwa zifukwa zochepa zimene lamulolo limalolera, chimodzi n'chakuti munthuyo ali ndi laisensi ya ulenje yogwira ntchito, yoperekedwa ndi chigawo cha mu America. Tsono laisensi iyambe, mfuti ibwere pambuyo, ndipo laisensi ikatha musakhale ndi mfuti musanagule ina. Zigawo zimawonjezeranso malamulo awo. Amene mapepala anu okhalira m'dziko akadali m'njira, kambiranani ndi loya wa za anthu olowa m'dziko musanagwire mfuti ya munthu aliyense. Nyama ya gwape singafanane ndi green card, chiphaso chokhazikika m'dziko.

Chachitatu, musadzitche nzika ya chigawo musanakwanitse nthawi yake. Colorado imafuna miyezi 6 yotsatizana, Wyoming chaka chathunthu. Chiyeso chilipo ndithu, poti tag ya gwape ku Colorado kwa wokhala konko ndi madola pafupifupi 50 pamene mlendo amalipira kuposa madola 450. Koma bodza la pa fomu ndi mlandu, ndipo zigawo zinagwirizana kuti wolandidwa laisensi kumodzi amaletsedwanso kwina.

3. Mayere ndi mapointi

Ofuna kusaka ndi ochuluka kuposa ma tag, choncho zigawo zimachita mayere, amene kuno amati draw. Ku Colorado ma tag onse a mule deer ali ndi chiwerengero chake kuyambira 1999. Tsiku lotseka ndi Lachiwiri loyamba la Epulo, ndipo musanalembetse muyenera kugula kaye laisensi ina yaing'ono, monga ya nyama zing'onozing'ono. New Mexico imatseka mu Malichi, Montana pa 1 Epulo, Wyoming kumapeto kwa Meyi, Arizona mu Juni. Masiku enieni muziwaona m'kabuku ka malamulo ka chaka chimenecho.

Mukalephera mayere, zigawo zambiri zimakupatsani pointi. Pali mitundu iwiri. Preference point ili ngati malo anu pamzere: wa mapointi ambiri ndiye amayamba kulandira, ndipo umu ndi mmene Colorado yakhala ikuchitira, ngakhale yalengeza kuti isintha kuyambira 2028. Bonus point imangochulukitsa maina anu m'mayere, monga ku Nevada ndi Arizona, moti wa pointi imodzi akhoza kupambana wa khumi. Wyoming imapereka magawo 75 pa 100 a ma tag a alendo kwa a mapointi ambiri, 25 otsalawo mwa mwayi. Idaho ndi New Mexico alibe mapointi n'komwe, aliyense amayamba pamodzi chaka chilichonse, kungoti ku New Mexico mlendo wosaka popanda kampani yoperekeza amapikisana pa magawo 6 okha pa 100.

Cholakwa chimene ndimachiona kwambiri n'chosunga mapointi zaka ndi zaka pofuna yuniti yotchuka. Mapointi ofunika m'mayuniti otero amakwera chaka chilichonse, mwina mofulumira kuposa mmene inu mukuwapezera. Ndipo tsiku limene tag yabwinoyo idzatuluke, mudzafika kuphiri muli mlendo wosadziwa ngakhale kumene gwape amagona. Ine ndimati tengani tag yosavuta, ya pointi imodzi kapena yopanda pointi, muzisaka chaka ndi chaka. Ku Colorado mpaka pano mapointi amadyedwa ndi chisankho choyamba chokha, ndiye mukhoza kusunga pointi pa choyamba n'kupeza tag pa chachiwiri. Palinso mayere achiwiri pakati pa chaka ndi ma tag otsala amene amagulitsidwa mu Ogasiti.

4. Kusankha yuniti

Apa ndi pamene malangizo ambiri amangoti "fufuzani bwino" n'kudumpha. Koma ulendo wonse umapindula kapena kufa pa sitepe imeneyi, choncho tikhalepo.

Yambani ndi ziwerengero za mayere a chaka chatha, zimene nthambi iliyonse imaika pa intaneti kwaulere. Lembani ma tag okhawo amene munthu wa mapointi anu anawapeza. Ena onse aiwaleni, ngakhale anzanu awatame chotani. Kenako tsegulani lipoti la nyama zophedwa, muone alenje angati analowa m'yuniti iliyonse ndi angati anapha. Onani zaka zingapo, osati chimodzi. Samalani ndi yuniti imene ikuoneka kuti pafupifupi aliyense anapha: kawirikawiri ndi ya minda ndi mafamu a anthu, kumene agwape amadya nyemba za ziweto za alfalfa kuseri kwa waya, ndipo ophawo analipira eni malo. Tag ikamapezeka mosavuta pamene ziwerengero zake ndi zokongola, funsani kuti malo a boma m'menemo ndi ochuluka bwanji.

Tsopano funso lalikulu: pa masiku olembedwa pa tag yanu, agwape adzakhala pati? Nyamazi zimasamuka. Ku Wyoming kuli gulu limene limayenda makilomita pafupifupi 240 kuchokera ku Red Desert kukafika ku mapiri a Hoback, n'kubwereranso chisanu chikayamba. Yuniti yodzaza agwape mu Seputembala ikhoza kukhala zii mu Novembala, ina n'kukhala mosemphana.

Kumapeto kwa Ogasiti ndi mu Seputembala, nthawi ya uta, amphongo amakhala pamwamba penipeni, kumene mitengo imathera, m'timagulu tawo. Kumayambiriro kwa nthawiyi nyanga zimakhala zikadali ndi khungu laubweya lanthete, ndiye sakonda kulowa m'zitsamba zothinana ndipo amaoneka poyera. Mu Okutobala zinthu zimavuta. Nyanga zauma, mfuti zayamba kulira, amphongo amatsikira m'nkhalango zowirira n'kumadya usiku. Ma tag osavuta kupeza ambiri ndi a mwezi umenewu, ndipo chifukwa chake n'chomwechi. Mu Novembala chipale chofewa chimawakankhira kumunsi, ku zitunda za zitsamba za sagebrush, ndipo nyengo yokwerana imayamba. Pamenepo musavutike kufuna wamphongo, pezani aakazi, iye abwera yekha khosi litatupa.

Ndiye ikani masiku a tag pambali pa mapu oonetsa kutalika kwa mapiri. Ngati tag ndi ya Novembala, koma malo a boma m'yunitimo ndi nsonga za mapiri zokha pamene zigwa zonse ndi za anthu, tag imeneyo ndi pepala chabe. Colorado Parks and Wildlife ili ndi mapu a pa intaneti oonetsa kumene agwape amakhala m'chilimwe, kumene amathera chisanu, ndi njira zimene amadutsa. Aikeni pamwamba pa mapu a eni malo, muone pamene ziwirizi zikukumana.

Funsaninso za chisanu cha zaka zapitazo. Cha 2022 mpaka 2023 chinapha agwape ochuluka zedi kumadzulo kwa Wyoming, kumpoto chakumadzulo kwa Colorado ndi kumpoto kwa Utah, makamaka ana, ndipo ma tag anachepetsedwa. Ana akafa chaka chimodzi, kusowa kwa amphongo akuluakulu kumaoneka patapita zaka zitatu kapena zinayi.

Mukatsala ndi mayuniti awiri kapena atatu, tsegulani Google Earth muwapendeke kuti mapiri aoneke mmene alili. Mukufuna malo amene zinthu zitatu zayandikana: chakudya, mthunzi ndi pobisala. Gwape ameneyu amadya masamba ndi nsonga za zitsamba monga bitterbrush, mountain mahogany ndi sagebrush kuposa udzu. Kuno dzuwa limadutsa chakumwera, choncho mbali ya phiri yoyang'ana kumwera imakhala yoyera ndi ya zitsamba, yoyang'ana kumpoto imakhala ya mthunzi ndi mitengo. Gwape amadya kowala m'mamawa, n'kudutsa pa mpata wa phiri kukagona kumthunzi. Chongani mipata imeneyo. Kenako chongani chitunda chimene mungakhalepo n'kuona zonsezi, dzuwa lotuluka lili kumsana kwanu, osati m'maso. Pezani malo otere osachepera anayi, otalikirana, chifukwa tsiku lotsegulira mukhoza kupeza magalimoto asanu pa malo anu oyamba, kapena msewu utatsekedwa ndi chipale kapena moto wa m'nkhalango.

Pomaliza imbirani katswiri wa nyama wa nthambi ya chigawo amene amayang'anira deralo. Safunsa anadya phula. Koma musamufunse kuti "agwape ali kuti?", poti funso limenelo amalimva tsiku lonse ndipo onse amawatchulira chigwa chimodzi. Muuzeni kuti mwasankha zigwa zakutizakuti, mufunse ngati agwape amakhala atafikamo pa masiku anu, ngati msewu wakuti umadutsika kukagwa chipale, ndiponso kuti pa aakazi 100 anawerenga amphongo angati. Munthu akaona kuti mwagwirapo ntchito amamasuka.

5. Njira yolowera ndi malire

Malo akhoza kukhala a boma koma opanda njira yovomerezeka yofikirako. Msewu wooneka pa mapu sukutanthauza kuti ndi wa aliyense. M'nkhalango za Forest Service tengani mapu aulere otchedwa Motor Vehicle Use Map, amene ndiwo amanena misewu yololedwa galimoto ndi masiku ake. Pa foni ikani pulogalamu yoonetsa malire, monga onX Hunt, ndipo sungani mapuwo m'foni musananyamuke, poti kuphiri kulibe netiweki. Ku Colorado ndi Wyoming mwini malo sakakamizidwa kuika waya kapena chikwangwani. Kudziwa pamene mwaima ndi udindo wanu. Gwape wolasidwa akadumphira m'malo a munthu, mumakapempha kaye, kapena kuimbira woyang'anira nyama wa deralo.

Kumwera kwa Wyoming mudzaona mapu ooneka ngati bolodi la drafuti, chifukwa m'zaka za m'ma 1860 boma linapatsa kampani ya njanji ya Union Pacific zigawo za malo modumphitsadumphitsa. Kudutsa pa ngodya, kuchoka pa bokosi la boma kupita pa lina la boma, kunali mkangano wa zaka zambiri. Mu Malichi 2025 khoti la apilo la Tenth Circuit linagamula mlandu wa alenje anayi a ku Missouri amene anadutsa motero ku Elk Mountain, n'kunena kuti n'zololedwa bola osaponda malo a mwiniwake. Chigamulocho chimagwira ku Wyoming, Colorado, Utah, New Mexico, Kansas ndi Oklahoma. Montana ndi Idaho ali pansi pa khoti lina.

M'madera otchedwa wilderness, lamulo la 1964 limaletsa injini ndi mateyala, ngakhale njinga yakapalasa kapena ngolo yokokera nyama. Ku Wyoming mlendo saloledwa kusaka nyama zikuluzikulu m'madera amenewa popanda womuperekeza wovomerezeka.

6. Thupi, mfuti ndi katundu

Malo ambiri a mule deer ku Colorado ali pa mamita 2,500 mpaka 3,500. Nsonga ya Sapitwa pa Mulanje ndi mamita 3,002, ndiye ganizani kugona ndi kudzuka pa msinkhu umenewo sabata yathunthu mutasenza chikwama. Yambani kukwera zitunda ndi katundu kumsana miyezi itatu isanakwane nthawi, ndipo ochokera kumunsi mufike masiku awiri msanga. Mutu ukamawawa kwambiri, mseru, kupuma movutikira muli chikhalire, tsikani.

Mfuti ya .270, .308, .30-06 kapena 6.5 Creedmoor ndi yokwana. Chofunika n'kudziwa mtunda umene mumalasa mbale yodyera osaphonya mutagona pansi kapena mutatsamiza mfuti pa chikwama. Kwa ambiri oyamba ndi mamita 200. Ndalama zambiri ziike pa nsapato ndi magalasi oonera kutali a 10x42 pamodzi ndi choikapo cha miyendo itatu. Zovala za thonje zisiyeni, zikanyowa siziuma. Nthawi ya mfuti Colorado imafuna chovala cha olenji kapena pinki wowala chokwana masikweya inchi 500 kuphatikizapo chipewa. Siyani kwa munthu wina pepala lonena kumene muli ndi tsiku lobwerera. Kumpoto chakumadzulo kwa Wyoming ndi mbali za Montana ndi Idaho kuli zimbalangondo za grizzly, konko nyamulani mankhwala opopera othamangitsira zimbalangondo.

7. Kuphiri: maso ndi mphepo

Khalani pa chitunda chanu kukadali mdima. Lamulo limalola kuwombera kuyambira theka la ola dzuwa lisanatuluke, ndipo ola loyambalo ndi limene agwape amakhala poyera. Ikani magalasi pa miyendo itatu, muyang'ane phiri kagawo ndi kagawo, manja osagwira. Simudzaona gwape wathunthu. Mudzaona khutu likugwedera pansi pa mtengo, kadontho koyera pakati pa zitsamba zotuwa, kapena nthambi imene yatembenuka pamene zinzake zili phee. Oyamba ambiri amakhala mphindi khumi n'kunyamuka kuti kulibe kanthu, kenako amayenda tsiku lonse akuthamangitsa nyama zimene sanazione. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mukamupeza, musiyeni agone kaye, muchonge mtengo kapena mwala umene wagonapo. Mbandakucha mpweya wozizira umatsika phiri. Dzuwa likatentha umayamba kukwera, madzulo n'kutsikanso. Choncho gwape wogona masana mumamufikira kuchokera pamwamba, mpweya utakhazikika pokwera. Nyamulani kabotolo ka ufa wopemerera, ngakhale phulusa losefa limagwira ntchito, muziyesa mphepo pafupipafupi. Maso ndi makutu ake mukhoza kuwanyenga poyenda pang'onopang'ono, koma akangomva fungo lanu zatha. Lasani kuseri kwa mwendo wakutsogolo ataima chammbali, mutaona bwino chimene chili kumbuyo kwake, ndipo osawombera nyama yoima pamwamba pa chitunda pamene kuseri kuli thambo lokha.

8. Nyama ikagwa

Musanagwire mpeni, sainani tag kapena kudulapo tsiku monga chigawo chanu chikunenera. Kenako liwiro, chifukwa chimene chimaononga nyama ndi kutentha. Kutali ndi msewu sitikoka gwape wathunthu. Mumasenda mbali imodzi, kuchotsa mwendo wakutsogolo ndi ntchafu, mnofu wa msana, wa m'khosi ndi wa m'nthiti, kenako timinofu tofewa ta m'kati mwa msana, n'kumutembenuza. Ikani m'matumba a nsalu opita mphepo, mupachike pamthunzi. M'pulasitiki nyama yofunda imawola. Ku Colorado kusiya miyendo inayi kapena minofu ya msana kuthengo ndi mlandu, ndipo chiwalo chosonyeza kuti ndi wamphongo kapena wamkazi chiyenera kutsala cholumikizika ku nyama mpaka mutafika.

Wamphongo wamkulu amatulutsa mnofu wa makilogalamu 25 mpaka 35, osawerengera mutu. Mtunda umene mungausenze, mwina kawiri, ndiwo uyenera kukuuzani kutalika kwa kumene mungakasake, ndipo zimenezi muziganize muli pa sitepe 4, osati nyama itagwa pansi pa chigwa dzuwa likulowa. M'galimoto mukhale mabokosi ozizira okhala ndi ayezi kale.

Chotsala ndi matenda a chronic wasting disease, kapena CWD, amene anayamba kuonekera mu 1967 pa mule deer osungidwa ku Fort Collins, ku Colorado. Amagwira ubongo, ndipo kuphika sikupha chimene chimawayambitsa. Palibe munthu amene watsimikizidwa kuti anawatenga, komabe a CDC, nthambi ya boma yoona za matenda, amalangiza kuti nyama yopezeka nawo isadyedwe. Gwape wodwala akhoza kuoneka wonenepa bwinobwino. Ife timakonda ubongo, kapamba ndi msuzi wa mafupa a msana, koma pa nyama iyi zimenezo zisiyeni. Pitani ndi mutu ku ofesi ya nthambi ya nyama kuti akayeze, m'mayuniti ena n'kokakamiza, ndipo nyama ikhale mufiriji yolembedwa payokha mpaka zotsatira zitabwera, musanagawireko abale ndi a kutchalitchi. Obwerera ku chigawo china, dziwani kuti zigawo zambiri siziloleza kulowetsa ubongo ndi fupa la msana, choncho mnofu uchoke ku mafupa ndipo chigaza chitsukidwe musanawoloke malire. Mukafika kunyumba tumizani lipoti la ulenje wanu ngakhale simunaphe, chifukwa ku zigawo ngati New Mexico wosatumiza saloledwa m'mayere a chaka chotsatira.